Dzanja la Telala Silinama

Mwana anali wozizira ngati chule. Telala anamugwira pachipumi, anamugwira pamimba, anagwiranso timapazi, mtima n'kungoti phwii.

"Mayi ake, mwanayu wazizira. Tiyeni kuchipatala."

Mkazi wake sanasiye kupinda matewera. Wodwalayo, kamnyamata ka miyezi isanu ndi itatu, anali pasofa akutafuna tepi yoyezera nsalu, dovu lili chuchuchu.

Telalayu ankanyadira dzanja lake kuposa makina ake osokera. Ana awiri oyamba anawalera ndi dzanja lomwelo. Akangoliika pachipumi n'kunena kuti uyu watentha, madokotala ankangotsimikiza zomwe iye waona kale, ndipo nkhaniyi makasitomala ake anali atatopa nayo. Koma mwana wozizira anali asanamuonepo. Ankadziwa kumene anthu ozizira chonchi amapita, ndipo anachita mantha enieni.

Kuti atseke pakamwa pa mwamuna wake, mayi anatenga themometa n'kuipanikiza m'khwapa mwa mwana. Italira, inalemba 36.6.

"Mwaona? Ali bwinobwino."

"Kachitsulo kopanda ndi mwana yemwe kandiuze ine za mwana wanga?"

Mwamwayi kapena mwatsoka, mlamu wake, mng'ono wa mkaziyo, anali atabwera m'mawa umenewo kudzayesa diresi. Mlamuyu ndi namwino, ndipo m'chikwama mwake simusowa kamfuti koyezera pachipumi kaja. Analozetsa mwana. Kanalemba 36.9.

Telala anawomba m'manja. "Eya! Wina akuti sikisi, wina akuti naini. Mboni zikamasiyana mawu, woweruza amathamangitsa zonse."

Mlamu anafotokoza modekha, monga amachitira ndi abambo ovuta kuntchito kwake. Ya m'khwapa imatsika pang'ono. Kamfuti kamapusitsidwa ndi thukuta. Yosanama kwa makanda ndi ya kumatako.

"Kumatako? Mwana wanga ine?"

"Alamu, choonadi sichikhala pamalo abwino nthawi zonse."

Anapaka mafuta kunsonga ya themometa, mayi n'kumugoneka mwana chafufumimba pamiyendo. Mwana anapirira pang'ono, kenako anabweza mwano ndi mwano: anaphwisa mpaka amayi ake aang'onowo anabwerera m'mbuyo. Nambala inatuluka 37.2.

Mwana mmodzi, manambala atatu. Telala zinamukwana. Anagwiranso chipumi chija, ndipo kwa iye chinali chitazizira kuposa poyamba. Anasolola bulangete, n'kumukulunga mwana mpaka kungotsala timaso.

"Inu tsalani ndi masamu anu. Akandifera m'manja, mudzalire ndi manambalawo."

Maso ake anali psu. Apa mkazi wake nayenso mtima unamuthawa. Zaka zonsezi dzanja limeneli linali lisanaphonyepo, ndipo nanga atakhala kuti akunena zoona? Anaponya matewera pansi n'kuyamba kufufuza buku la mwana la kuchipatala, uku akufunafuna nsapato ndi phazi. Ngakhale mlamu anasiya kuseka. Anayang'ana kamfuti kake mokayikira, n'kukagogoda pachikhatho ngati wailesi yotha mabatire.

Telala anali atafika pakhomo. Mlamu anamuthamangira n'kumugwira pamkono.

"Alamu, dikirani achemwali avale kaye..."

Anachotsa dzanja msangamsanga ngati wagwira chositira. Anakweza kamfuti kaja n'kulozetsa pachipumi cha telala. Kanalira mosalekeza, kali kofiira: 39.8.

"Kuchipatala tipitadi, koma mwanayo mumusiye. Ndi dzanja lotentha chonchi, alamu, ngakhale tiyi munganene kuti wazizira. Kapena kamfuti mukukakanabe, tiyeze kosanama kuja?"