Mkuyu wa m'ndime yachitatu

"Mitengo inayamba liti kuyankhula?" Apongozi anaponya pepala patebulo. "Ndakatulo yotereyi simukaiwerenga kutchalitchi ine ndili wapampando."

Mkazi wa mwana wawoyo anapemphera chamumtima kuti lilime lisamuchimwitse. Pajatu malangizowo anachita kuwapempha yekha.

"Mwezi wovala ndolowu fufutani. Mtsinje woimba nyimbo, bodza lenileni." Kenaka chala chawo chinaima pa ndime yachitatu. "Koma mkuyu wa masamba okhaokhawu, wokalipira timitengo tofuna dzuwa, ndiwo wokha uli ndi moyo. Nkhanza zake ndikuchita kuziona! Ndime yokhayi mukawerenge Lamulungu. Mtengo woipa mtima chonchi munauona kuti?"

"Sindinapite patali, amayi," anayankha motsitsa mawu, akuwathirira tiyi.