Bwato Lopanda Phokoso

Nsomba zinali mbwee m'bwato, ndipo iliyonse inali ndi mzere wa ukonde m'khosi. Mwini bwatoyo analibe ukonde. Moyo wake wonse ankawedza ndi mbedza.

Anawerama n'kutola kachidutswa ka ukonde wobiriwira, kodulidwa ndi mpeni. Padoko ponse, ukonde wotere anali nawo ndi mnzake mmodzi yekha, bambo wa ana ambiri.

"Bwato lanuli ndi mfiti, bambo," anatero mkamwini wake akuseka. Ndiye amene analibwereka dzulo lake. "Ndadutsa pamphuno pa asodzi penipeni, koma palibe wandimva."

Bwatolo analikhalitsa chete ndi manja ake mkuluyo, kuti nsomba zisamamumve usiku. Pansi anayalapo mphira wa tayala. Zitsulo zogwira nkhafi anazikulunga ndi juzi ya malemu mkazi wake, ataing'amba timizeretimizere. Tsopano juziyo inali noninoni ndi mamba a nsomba zakuba.

Mkuluyo analavula m'madzi. Kenako anamasula nsanzazo imodziimodzi, n'kuzitsuka, n'kuziika m'thumba la malaya. Atayesa kukoka nkhafi, chitsulo chinalira ngati chitseko cha dzimbiri, mpaka asodzi a kutsidya anatembenuka.

"Mwaliwonongatu, bambo. Nsomba zizikumvani mukadali kutali."

"Ndi anthu omwe," anayankha mkuluyo.

Anakankhira bwato m'madzi, nakhala kumbuyo, n'kuloza kumene mnzake uja ankasoka ukonde wake.

"Kwera. Upalasa ndiwe."