Mabushi a Pijo ya Elifala

"Menyaninso alamu, latsala pang'ono kutuluka," anatero Elifala ali chagada pansi pa galimoto yake yakale ya Pijo. Mlamu wake Stephano anamenya ndi hamala, bushi lakutha, kalabala koletsa galimoto kugwedera, n'kugwera m'fumbi lili lonyenyeka.

Mabushi atsopano kunalibe, ngakhale ku Mponela. Elifala anasema ena kuchokera ku tayala lakale, n'kuwapaka sopo, n'kuwakanikiza ndi bawuti mpaka zala zake zinachucha magazi. M'nyumba mkazi wake Faines ankabuula. Azamba anali atanena kuti mwana wapingasa, ndipo pa msewu wa m'mapiriwo galimoto yogwedera ikanamupha Faines asanafike kuchipatala.

Atangotsitsa jeke, pabwalo panatulukira atcheyamani a chipani ndi anyamata a malaya ofiira.

"Yachira eti? Mwachita bwino. Amayi ovina akusowa chokwera chopitira kumsonkhano kuboma."

"Pepani bambo, akazi anga matenda avuta m'nyumbamu."

"Ndiye mukukana, a Elifala?"

Elifala anayang'ana mlamu wake, mlamuyo n'kuyang'ana pansi. Kumene ankapita anthu okana aliyense ankakudziwa. Elifala anapereka makiyi ndi manja awiri.

Elifala ndi Stephano anamugoneka Faines m'ngolo ya ng'ombe. Pofika pa chitunda cha ku Bowe anali atasiya kubuula, dzanja lake likuzizira m'manja mwa mwamuna wake. Pomwepo Pijo inawapitirira, amayi akuimba mokweza. Atcheyamani anasuzumira pawindo akumwetulira.

"Ndinu katswiri, a Elifala! Sikugwedera n'komwe!"