Pemiti ya Yankho

Guluu wa pachithunzi anali asanaume pomwe pepalalo linkafika m'manja mwa Danieli, atakhala kale m'minibasi pa Mponela.

Nkhope inali yake ndithu, yomwe anajambulitsa Lolemba. Koma dzina la pa pemiti yokagwirira ntchito ku esiteti ya fodya ku Zambia linali la Yankho Chimphepo, mnzake wa ku Msakambewa, amene anatengedwa zaka ziwiri zapitazo ndi a Gondwe omwewa, opezera anthu ntchito kunja.

"Bwana, mwalakwitsa. Dzinali si langa."

A Gondwe sanacheuke n'komwe. "Uliloweze. Akakufunsa pa boda, ndiwe Yankho."

Pamiyendo pa Danieli panali kathumba ka mtedza wokazinga komanga ndi luzi. Mkazi wa Yankho anamuthamangira nako mamawa, ali wefuwefu. "Alamu, mukawapatse bambo a Thoko. Mukawauze kuti mwana anayamba kuyankhula, aziimbako foni."

"Nanga mwini pemitiyu akugwiritsa ntchito chiyani kumeneko?" anafunsa Danieli.

"Sakuifunanso," anatero a Gondwe, n'kumenyetsa chitseko.

Minibasi itanyamuka, Danieli analowetsa chikhadabo pansi pa chithunzi chake n'kuchitukula pang'ono. Panali nkhope ina, ya munthu wosamudziwa, itamatidwa ndi guluu wouma kale. Anatukulanso imeneyo.

Yankho anali pansi penipeni, atavala malaya ake a kwaya, akumwetulira ngati munthu amene mwayi wamugwera.