Dzina la a Sitima

Mayi Rozaria akamapemphera kumphakati ankatchula odwala onse a m'dera lawo la Jenala mmodzimmodzi, koma dzina la a Sitima, amuna awo amene adawasiya n'kukakwatira ku Migowi, ankalidumpha.

Tsiku lina atangoti amen, mlamu wawo Belita anawakoka chitenje.

"Alamu, mwasiya mmodzi. Achimwene agonekedwa kuchipatala, ndipo mkazi uja wathawa. Palibe wowatembenuza."

"Mulungu akulidziwa dzinalo."

"Akulidziwa, inde. Nanga phala awamwetse ndani?"

Mayi Rozaria anatsinzinanso. Anayesa kutchula dzinalo, koma linakana kutuluka.

Belita anawatsatira mpaka kunyumba. Kumeneko anawaona akulonga sopo, kapu, supuni ndi kolona m'chikwama.

"Pakamwa pakana," anatero Mayi Rozaria akumanga chikwamacho. "Ndikawapempherera ndi manja."