Mchenga Wotsuka Bwino

Nsomba yachitatu itatembenuza mimba, Dyton mlonda anagwada patsogolo pa thanki yagalasi ya abwana ake ku Lizulu. Zomera zam'madzi zinali chiimire mumchenga woyera mbee umene anakatapa yekha kumtsinje. Pamwamba pa madzi panali kathovu.

"Anangozo, mchengawu munautsuka bwanji?" Dyton anamufunsa mkazi wake.

"Inu simunati abwana akufuna wotsuka bwino? Ndinathiramo sopo waufa, osaumira ayi. Tanunkhizani!"

Kugeti galimoto ya abwana inaliza hutala kawiri. Dyton sanadzuke. Anapisa dzanja m'madzimo, nakankha ndi chala kansomba kofiira kotsala.

"Sambira, mayi iwe, ntchito ingandithere. Sambira pang'ono pokha."

Kanazungulira kamodzi, n'kuyandama chagada.