Ziro wa pa Mzere Wachiwiri

Bashiru anaima pakhomo pa shaki yawo, kanyumba ka malata ku Nkaneng ku Joni, pepala la mayeso la mwana wake Sainabu lili m'manja. Masamu ochulukitsa onse aphunzitsi anathetha.

"Ndinanena kale," anatero. "Akalepheranso, apita ku Mangochi kukalera ana a achemwali anga. Joni si kosungirako mwana wopanda mutu."

Raziya, mkazi wake, anatula beseni la zochapa n'kusuzumira pepalalo. Samu yoyamba inali 347 kuchulukitsa ndi 26. Pa mzere wachiwiri aphunzitsi anawonjezerapo ziro wofiira, ndipo pa samu iliyonse anachita chimodzimodzi.

Ziro ameneyo Raziya ankamudziwa. Pokonzekera mayeso Sainabu ankamulemba, koma mayi akewo, amene sukulu anaisiya asanafike pa masamu otere, ankamufufuta ndi chala cha malovu. "Ziro ndi wopanda kanthu, usamathe pensulo pachabe," ankatero.

"Kodi sanakuphunzitse zimenezi?" Bashiru anafunsa mwanayo.

"Anandiphunzitsa, ababa. Ndinangoiwala."

"Bambo a Sainabu, sanaiwale ayi," anatero Raziya. "Ndine ndamusokoneza."

Bashiru anaseka pang'ono. "Ndiye akhale kuno kuti muzimusokonezabe? Anzanga a Hamza akunyamuka Lachisanu kupita kumudzi, apita nawo."

Anavala chipewa chake cha kumgodi n'kutuluka.

Sainabu anayang'ana yunifolomu yake imene inali pamwamba pa zochapa zija, ikudontha madzi.

"Amayi, imeneyi ndiitenge?"

Raziya anaifinya mpaka zala kuwawa.

"Isiye. Mwana wa a Salma oyandikana nafewa imukwana."